Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zaulimi: Tikupempha Buku la Dothi Lathu ndi Mphika Wathu

Chipyela,
Likoma.

Olemekezeka a Nduna ya Zaulimi,
Capital Hill,
Lilongwe.

Olemekezeka a Nduna,

Ndikukulemberani kuchokera ku Chipyela, pa chilumba cha Likoma, ndipo kalatayi ndaiika poyera kuti ena amene nkhaniyi ikuwakhudza aiwerenge nawo. Pempho langa ndi limodzi. Unduna wanu ulembe, usindikize ndi kugawa buku la m'chilankhulo chathu lophunzitsa banja kulima chakudya pakhomo, pa dothi la mchenga ndi miyala ngati lathu lino, komanso kuchisunga ndi kuchiphika chikakhwima. Likhale buku limodzi, munda ndi mphika zili momwemo, chifukwa pakhomo la munthu wa kuno amene amapalira chinangwa ndi yemweyo amene amagwira mthiko madzulo.

Ndiloleni ndikuonetseni kaye mmene chakudya chimafikira pa mbale yathu. Chilumba cha Likoma kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 18, ndipo gawo lalikulu ndi matanthwe, mchenga ndi mitengo ya milambe. Pa kalembera wa 2018 boma lonse, kuphatikizapo Chizumulu, linali ndi anthu pafupifupi 14,500, ochepa kuposa a boma lina lililonse m'Malawi muno. Tazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Mapiri a ku Cobue timawaona bwinobwino tili pakhonde, pamene Nkhata Bay ndi ulendo wa maola angapo pa sitima. Chimanga chambiri chimene timadya sichimera kuno. Chimachokera kumtunda kapena kutsidya, monganso nkhuni, makala, kabichi, anyezi, kachewere ndi nyemba. Thumba likagulidwa ku Nkhata Bay, wolinyamula kupita nalo padoko alipidwe, sitima ilipidwe, wolitsitsa alipidwe, wokwera nalo chitunda alipidwenso, ndipo ndalama zonsezo zimadzathera pa mayi wogula chimanga pa kambale. Sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanja ino mu 1951, ikapita kokonzedwa ku Monkey Bay, kapena mwera ukawomba masiku otsatizana m'miyezi ya Juni ndi Julayi mpaka maboti kukokeredwa kumtunda, mabenchi a pamsika amapepuka ndipo mitengo imakwera tsiku lomwelo. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Kwa ife ndiwo zimene zili m'sitima ndi za mphepo ndithu. Zathu ndi zimene zamera kuseri kwa nyumba.

Sindikulota kuti chilumba chino chidzadzaza nkhokwe za chimanga. Malo ndi ochepa ndipo anthu akuchulukirachulukira. Koma chinangwa, mbatata, khobwe, nandolo, ndiwo zamasamba ndi zipatso, banja lingathe kupeza zambiri mwa izi pamalo amene lili nawo kale, likadziwa njira yake.

Nzeru zoti zilowe m'buku limeneli zilipo, ndipo zina zinalembedwa kalekale. Jessie Williamson, amene anagwira nawo kafukufuku wa kadyedwe ka anthu m'midzi ya ku Nkhotakota kuyambira mu 1938, anasonkhanitsa mayina a zomera zathu, ntchito zake ndi mmene amayi ankaziphikira. Buku lake, Useful Plants of Nyasaland, linatuluka mu 1955, n'kudzatulukanso mu 1975 litakonzedwa, ndi dzina loti Useful Plants of Malawi. M'zaka za m'ma 1970 kunatuluka The Malawi Cookbook ya Annabel Shaxson, Pat Dickson ndi June Walker, mmene muli ngakhale kaphikidwe ka ziwala ndi ngumbi. Mu 2005 bungwe la WFP linatulutsa buku la Stacia Nordin, Low Input Food and Nutrition Security, lofotokoza kulima ndi kudya zakasinthasintha popanda kudalira zogula, ndipo mu 2016 linatulukanso ndi dzina la Sustainable Nutrition Manual. Unduna wanu uli ndi Guide to Agricultural Production, buku limene alangizi amalidalira. Mu 2019 akatswiri a ku LUANAR ndi anzawo anatulutsa Malawian Food Composition Table, yoonetsa michere imene ili m'zakudya zathu. Mabuku onsewa ndi amtengo wapatali, ndipo amene anawalemba anakhetsa thukuta. Koma onse ali m'Chingerezi. Mayi amene anauza Williamson dzina la masamba ndi kaphikidwe kake ankayankhula chilankhulo chathu chomwechi. Lero mdzukulu wake, kuti awerenge zimene agogo ake ananena, ayenera kukhala ndi Chingerezi cha kusekondale, kenako alipeze bukulo, ndipo m'magolosale a pa Mbamba simugulitsidwa mabuku otere.

Magazini ya Za Achikumbi ndimaiyamikira. Inasonyeza kalekale kuti nkhani za ulimi zimalembeka bwino m'Chichewa. Kungoti iyo imalankhula kwa dziko lonse, ndipo m'dziko lonse mbewu yolamulira ndi chimanga. Malangizo oti mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi paphando, ndi abwino ku Kasungu ndi ku Mchinji. Munthu wa ku Makulawe kapena ku Nkhwazi, amene munda wake ndi timipata ta dothi pakati pa miyala, akawawerenga amangoti awa akunena anzathu akumtunda.

Buku lathu liyambe ndi chinangwa, poti ndicho chimatigoneka ndi kanthu m'mimba. Mbewu yake timapatsana pachibale, ndipo vuto limayambira pomwepo. Munthu amadula mitengo m'munda wodwala khate osadziwa, n'kugawira mlamu wake ndi mtima wabwino, chaka chamawa minda yonse iwiri masamba afota ndi kuchita mawangamawanga achikasu. Palinso matenda ena ofala m'mbali mwa nyanja amene amabisala: mtengo umaoneka wabwino ndithu, koma ukazula n'kudula, m'kati mwa chinangwa muli zowola zouma zofiirira, ntchito ya chaka chathunthu yapita. Akuluakulu akukumbukira kodikodi amene analowa m'dziko muno cha m'ma 1985 n'kusakaza minda ya chinangwa ku Nkhata Bay, mpaka akatswiri anachita kubweretsa tizilombo tina tochokera ku South America todya kodikodiyo. Ku Mkondezi, tsidya lomwelo la Nkhata Bay, unduna wanu uli ndi malo a kafukufuku amene agwira ntchito pa chinangwa ndi mbatata zaka zambiri. Zimene akatswiri a kumeneko amadziwa zingakwane pa masamba ochepa okhala ndi zithunzi zamtundu: tsamba lathanzi ili, lodwala ili, mbewu udule pa mtengo wotere, wotere uuzule n'kuutentha, Mbundumali ndi wozuna wodya chophika, Gomani ndi wowawa woviika, Sauti ndi mtundu watsopano ndipo ubwino wake ndi uwu.

Kuviika nako kulembedwe mosabisa kanthu. Amene anakulira kuno akudziwa mmene zimayendera. Chinangwa chikazulidwa chimasendedwa, n'kuikidwa m'madzi, m'mbiya kapena m'diramu. Pakapita masiku atatu kapena anayi mayi amapisa dzanja n'kutsina chimodzi. Chikaphwanyika pakati pa zala, fungo lake lowawasa litamveka, ndiye kuti chapsa. M'nyengo ya mwera madzi amazizira ndipo masiku amawonjezeka. Kenako amachivuula, kuchotsa mtsitsi wa pakati, kutsuka, kufinya, kuchinyenyanyenya n'kuchiyanika pa thanthwe kapena pa thandala mpaka chiume gwa, ndipo pamenepo mpomwe chipite mu mtondo kapena kuchigayo. Masiku amenewa sanaikidwe pofuna kukometsa kondowole chabe. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni wa cyanide, ndipo kuviika ndi kuyanika ndiko kumamuchotsa. Njala ikavuta, anthu amadula masiku. Ku Nampula, m'dziko la Mozambique, chilala cha 1981 chinachititsa mabanja kudya chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira, ndipo anthu oposa 1,000, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, analumala miyendo ndi matenda otchedwa konzo, amene akagwira munthu sachira. Mtsikana wa zaka 18 amene wangolowa m'banja, amayi ake ali ku Mzuzu, apongozi akuwaopa kuwafunsa, ayenera kupeza tsamba lomuuza kuti usafulumire kuvuula ngakhale ana akulira, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Kondowole amakhutitsa ndipo amapatsa mphamvu, koma zomanga thupi ali nazo zochepa kwambiri, kuchepera ngakhale za m'chimanga. Choncho kwa anthu odya kondowole nkhani ya ndiwo ndi yaikulu kuposa mmene anzathu akumtunda amaganizira. Mwayi wake, mtengo womwewo wa chinangwa umatipatsa chigwada, chimene chili ndi zomanga thupi zambiri, bola chisinjidwe bwino chikadali chachiwisi, chiwire mokwanira mphika uli chosavundikira, kenako nsinjiro. Ndipo nyanja imatipatsa usipa ndi utaka, nsomba zodya ndi mutu ndi minga yomwe, zolimbitsa mafupa a mwana.

Apa mpamene mtima wanga umawawa, a Nduna. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno ndi opinimbira. Ku sikelo amayi amatchula pamtima magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Amawadziwa, ena amachita kuwaimba. Koma pakati pa chithunzi cha pakhoma la chipatala ndi mphika wa phala pali mtunda umene palibe amene wawayendetsa. Mayi akabwerera kunyumba amapeza ufa wa kondowole, mchere, mwina ndi shuga pang'ono. Usipa umene bambo anabwera nawo m'mamawa wayanikidwa kale kudikira ogula a ku Nkhata Bay ndi ku Mzuzu, chifukwa ndiwo fizi ya mwana wamkulu. Buku limuuze mayiyu kuti atapeko usipa wouma wodzaza manja awiri, aukazinge pang'ono, ausinje, ausefe, ausunge m'botolo louma lotseka bwino, ndipo m'phala la mwana azithira supuni imodzi. Limuuze za ufa wa malambe, umene uli ndi vitamini C wochuluka ndipo kuno mitengo yake ili paliponse. Limuuze za masamba a chammwamba oyanika pamthunzi, za nsinjiro, za mbatata yofiira m'kati yophika n'kupota. Zonsezi zili m'manja mwake kale. Chimene chikusowa ndi muyeso ndi ndondomeko, zolembedwa m'mawu amene iye amayankhula.

Za dimba pa mchenga, aphunzitsi ake tili nawo konkuno. Pafupi ndi kwathu pali mayi wina wachikulire amene pakhomo pake sipasowa masamba ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Amakumba dzenje lofika m'maondo. Pansi amaika masamba ouma a mango ndi zinyalala za pabwalo, pamwamba pake zitosi za mbuzi ndi nkhuku, phulusa pang'ono, matumbo ndi mamba a nsomba, n'kukwirira ndi dothi lomwe anakumbalo. Amathirira, n'kudikira milungu ingapo kuti ziwole. Akabzala nkhwani, mpiru kapena tomato, amaphimba pansi ndi udzu wouma kuti chinyontho chisathawe, ndipo dzenjelo amalisiya lolowa pang'ono kuti madzi asayenderere. Madzi otsukira nsomba ndi otsukuluzira mbale sataya pabwalo, onse amapita m'maenjemo, chifukwa kukwera chitunda ndi ndowa kuchokera kunyanja si masewera ndipo madzi a pampopi ndi olipira. Kuzungulira dimbalo anamanga mpanda wa bango ndi minga, poti mbuzi za kuno zimayenda momasuka ndipo zingamalize ntchito ya mwezi wathunthu munthu ali kutchalitchi. Mayiyu sanapite kusukulu ya zaulimi ya ku Bunda. Anaphunzira kwa amayi ake, n'kuwonjezera zake poyesa. Ana ake aakazi ali m'tauni, ndipo adzukulu amene amakhala nawo maso ali pa foni. Amayi otere alipo ku Mbungo, ku Yofu, ku Ulisa ndi ku Chizumulu, ndipo chaka chilichonse timaika ena m'manda pamodzi ndi zonse zimene ankadziwa.

Zimene iwo amachita zikumane ndi zimene akatswiri anu apeza. Mitundu ya mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, Kadyaubwerere, Kaphulira, Mathuthu, Chipika ndi Anaakwanire, ili ndi vitamini A woteteza maso ndi thupi la mwana, ndipo kholowa wake ndi ndiwo. Koma ndi iti mwa imeneyi imene ingachite bwino pa mchenga wa Likoma, ndipo mbewu yake munthu angaisunge bwanji kuyambira Meyi mpaka mvula ya Disembala? Nandolo ndi khobwe zimapirira ng'amba ndipo zimabwezera chonde m'nthaka. Zibzalidwe motani pakati pa chinangwa kuti zisaphane? Manyowa a Mbeya amene alangizi akuphunzitsa kumtunda amafuna gaga, ndipo gaga kuno ndi wosowa. Tingaike chiyani m'malo mwake? Mafunso amenewa ali ndi mayankho, ndipo ena angapezeke pa kamunda kachionetsero kamodzi kokha pa chilumba pano. Bonongwe, chisoso, luni ndi denje zimamera zokha mvula ikagwa, koma achinyamata ambiri amazipalira ngati udzu n'kukagula kabichi wofota wa m'sitima.

Mango ndi nkhani ina yomvetsa chisoni. Kuyambira Novembala mpaka Januwale amagwa n'kuwolera pansi pa mitengo, ntchentche zili ng'waa, ndipo pofika Juni mwana sakuonanso chipatso. Kuwasenda, kuwadula mopyapyala ndi kuwayanika pa thandala laukhondo lophimba ndi nsalu yopyapyala sikufuna magetsi, ndipo dzuwa kuno silisowa. Mfutso wa nkhwani ndi wa chitambe, usipa wofutsa, nsomba zowamba, zonsezi zili ndi njira yabwino ndi njira yowononga, ndipo kusiyana kwake kulembedwe. Soda ndi chidulo zimafewetsa masamba msanga koma zimapha mavitamini ena. Mayi auzidwe zoona zake, asankhe akudziwa. Nkhungu, tizilombo touluka ta pa nyanja, nazo zisasiyidwe. David Livingstone anaona anthu a m'mbali mwa nyanja ino akuzidya mu 1861 ndipo anazilemba m'buku lake. Zikatuluka pa nyanja n'kufika kumtunda, amayi amazikola ndi lichero lonyowa, kuziumba, kuzikulunga m'masamba, kuziphika ndi kuziumitsa, ndipo ndi chakudya chomanga thupi chosagula. Ana a masiku ano ena amachita nazo manyazi. Akaziona m'buku losindikizidwa ndi boma, pamodzi ndi chambo ndi nkhuku, manyaziwo adzachepa.

Nkhuni tisaziiwale, chifukwa kuno munthu akhoza kukhala ndi nyemba koma osaziphika poopa mtolo umene zingamalize. Kuviika nyemba usiku, kuphikira pa chitetezo mbaula, kuphula mphika utawira n'kuukulunga m'dengu la nsanza kapena udzu wouma kuti upitirize kupsa wokha, izi ndi nzeru za kukhitchini zimene zimateteza mitengo yathu yotsalayi komanso ya anzathu a kutsidya.

Kalembedwe kake ndi kamene kadzapangitse bukuli kukhala lamoyo kapena lakufa, ndiye ndikupemphani kuti lisalembedwere mu ofesi ku Lilongwe kapena pa msonkhano wa kuhotela. Olilemba abwere adzakhale kuno nyengo ya mvula ndi nyengo ya chilimwe, akhale pa mkeka ndi amayi, aone ndi maso, alawe. Lisakhale buku la Chingerezi longotembenuzidwa. Miyeso ikhale ya zinthu zimene zili m'nyumba zathu: kapu, supuni, chipande, ndowa, dzanja, phazi. Pasakhale chakudya chofuna uvuni kapena firiji, kapena chofuna zokometsera zogula m'masitolo akuluakulu a m'tauni. Zilembo zikhale zazikulu, poti ambiri adzaliwerenga madzulo ndi kuwala kwa tochi, ndipo ena anaphunzira kuwerenga atakula kale ku sukulu za kwacha. Chomera chilichonse chikhale ndi chithunzi chake, chifukwa mayina a masamba ndi nsomba m'Chinyanja cha kuno ndi m'Chitonga amasiyana ndi a ku Dedza. Tsamba lililonse, lisanapite kosindikiza, liwerengedwe kwa amayi khumi a pamudzi. Akafunsa kuti pamenepa akutanthauzanji, libwerere likakonzedwe. Ndipo amayi ndi abambo amene adzapereke nzeru zawo alipidwe, mayina awo alembedwe m'bukumo ngati iwo avomera. Nthawi zambiri nzeru za anthu akumudzi zimatengedwa ulere n'kukatuluka ndi dzina la wina.

Anthu oti agwire ntchitoyi muli nawo. Nthambi yofalitsa nkhani za ulimi mu unduna wanu imadziwa kusindikiza. Mzuzu ADD, imene Likoma ili pansi pake, ili ndi alangizi a mbewu ndi a kadyedwe. Ku Bunda kuli akatswiri a zakudya, ku Zomba kuli Centre for Language Studies ya University of Malawi yoti ione chilankhulo, ndipo National Library Service yakhala ikugawa mabuku m'dziko muno kuyambira 1968. Kuno likafika silidzasowa manja olilandira: sukulu za pulayimale ndi sekondale, chipatala cha St Peter's, amayi a Mothers' Union ndi a mipingo ina, magulu a amayi osamalira ana, makomiti a m'madoko a asodzi, ndi mafumu onse pansi pa Mfumu Yaikulu Mkumpha.

Ndikudziwa zimene ena adzakuuzeni. Adzati masiku ano zonse zili pa foni. Zoona, buku la Nordin munthu angalipeze pa intaneti kwaulere. Koma foni yaikulu m'banja, ngati ilipo, imakhala m'thumba la bambo, ndipo bambo ali pa nyanja usiku wonse. Bandulo ndi ndalama, ndipo zimene zili pa intanetizo n'za Chingerezi chomwecho. Adzati wailesi ilipo. Wailesi ndi yabwino ndipo bukuli liziwerengedwa pa wailesi, koma mawu a pa wailesi akadutsa adutsa, pamene mayi akufuna kuonanso muyeso wa phala mwana akadzakwana miyezi isanu ndi umodzi. Adzati alangizi alipo. Alipo ndipo amayesetsa, koma mlangizi sangakhale pakhomo lililonse tsiku lovuula chinangwa. Buku lidzamupeputsira ntchito, chifukwa akachoka adzasiya kanthu m'manja mwa anthu.

Koma mawu amene sindingawalole ndi oti Amalawi sawerenga. Asanenedwe za Likoma. Amishoni a UMCA atakhazikika pa chilumba chino mu 1885 anatsegula sukulu, n'kuika makina osindikizira mabuku, ndipo anyamata a konkuno ndi amene anaphunzira kuyala zilembo ndi kusoka mabuku. Mu 1893 Chauncy Maples anayamba kutulutsa The Nyasa News pompano. Mu 1912 Baibulo lonse linatuluka m'Chinyanja cha kuno, ntchito ya William Percival Johnson ndi anthu a m'mbali mwa nyanja amene ankamuthandiza, zaka khumi Buku Lopatulika la 1922 lisanatuluke. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene chinayamba kumangidwa pa Chipyela pano mu 1903 n'kupatulidwa mu 1911, anachimanga pamodzi ndi chipinda chosungira mabuku. Chilumba chaching'ono chino chinatumiza aphunzitsi, ansembe, makalaliki ndi achipatala m'dziko lonse la Nyasaland, ku Tanganyika mpaka ku Rhodesia. Lowani m'nyumba za kuno lero, mudzapeza buku la mapemphero ndi la nyimbo, zikuto zitatha, masamba atada ndi zala, ena atasokedwa ndi ulusi. Anthu amawerenga chimene chili m'chilankhulo chawo ndipo chikukhudza moyo wawo. Azaumoyo anazindikira zimenezi: buku la David Werner, Where There Is No Doctor, limene linayambira m'midzi ya kumapiri a ku Mexico, linamasuliridwa m'zilankhulo zambiri, ndipo m'Chichewa lilipo ndi dzina loti Pamene Palibe Dokotala. Ulimi wa pakhomo ndi kaphikidwe zikuyenera buku la mtundu womwewo.

Za ndalama ndinene mwachidule. Anthu 14,500, tikawerengera asanu pa banja, ndi mabanja osapitirira 3,000. Mabuku 3,000 angafike pakhomo lililonse la Likoma ndi Chizumulu, ndipo angakwane m'ngodya imodzi ya Ilala pa ulendo umodzi. Kuyambira 2005 boma lakhala likuika gawo lalikulu la ndalama za unduna wanu pa zipangizo zotsika mtengo, poyamba FISP, kenako AIP imene inayamba mu 2020. Sindikunyoza ndondomeko imeneyi, yathandiza ambiri. Koma inapangidwira mlimi wa chimanga, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza wogula pa mtengo wonse anatalikira kwambiri munthu wamba. Thumba la feteleza limatha nyengo imodzi. Buku losokedwa bwino, la chikuto cholimba, lingatumikire banja zaka khumi, n'kubwerekedwanso kwa anansi. Ndipo silidzathera kuno. Anthu a ku Usisya, Chintheche, Nkhotakota ndi m'mbali mwa nyanja ku Karonga amadyanso kondowole ndi usipa, pa dothi lofanana ndi lathu. Abale athu a ku Cobue ndi ku Metangula, amene timagulana nawo malonda ndi kukwatirana nawo, amayankhula Chinyanja chomwechi, ndipo bukuli lidzawoloka lokha pa boti.

Likoma ndi malo abwino oyambira chifukwa cha kuchepa kwake komweko. Pakatha zaka ziwiri alangizi anu angathe kuyenda khomo ndi khomo n'kuwerenga madimba amene abadwa, ndipo achipatala angakuuzeni zimene sikelo ikuonetsa. Zikayenda, mudzakhala ndi chitsanzo cholembera mabuku ena a m'chigwa cha Shire, a kumapiri a Ntcheu ndi a m'matauni. Pamene zavuta, mudzakonza musanawononge ndalama zambiri.

Olemekezeka a Nduna, ndikupempha kuti musankhe gulu laling'ono la alangizi, katswiri wa zakudya, wojambula zithunzi ndi mlembi wodziwa bwino chilankhulo, muwatumize kuno mvula ikubwerayi isanagwe, kuti adzaone chinangwa chikubzalidwa ndi mango akupsa. Ndikupemphanso a Bwanamkubwa a boma lino, aphungu athu ndi makhansala kuti aikepo mawu awo. Ife a kuno tidzawalandira padoko, tidzawapezera pogona, ndipo tidzawaperekeza kwa amayi amene akudziwa zinthuzi akadali moyo. Yankho lanu tikulidikira, ndipo mutiyankhe poyera monga mmene ine ndalembera poyera.

Ine wanu modzichepetsa,

Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Chipyela, Likoma.